Kodi Masiku a Zilembo Zokhazokha Anali Okomadi?

Anzanga acinyamata, kodi munakhalapo pa mpando umodzi ndi munthu wacikulire amene anayamba kugwira kompyuta inu musanabadwe? Mukangotulutsa foni ndi kuyamba kuseka ndi kavidiyo ka munthu amene waterereka m'matope, iye apukusa mutu ndi kunena kuti intaneti inaonongeka. Akuuzani kuti kale munalibe zithunzi, munalibe mavidiyo, munalibenso anthu okukakamizani kugula mankhwala ocepetsa thupi. Munali zilembo cabe, zobiriwira kapena zoyera pa galasi lakuda bii, ndipo anthu anali kulemberana zanzeru, mwaulemu, mosathamanga. Pokamba zimenezi nkhope yake iwala ngati ya munthu amene wakumbuka cibwabwa cotendera cophika amai ake.

Kodi anena zoona? Ndafuna kuti tiyankhe funsoli mwa kupenda filimu imodzi, pakuti m'menemo anthu a nthawi imeneyo adzikambira okha. Dzina lake ndi BBS: The Documentary. Anaipanga ndi Jason Scott wa ku America, amene anayamba nchitoyi mu 2001 ndi kuitulutsa mu 2005. Anakambirana ndi anthu pafupifupi 200, ndipo zimene anajambula anazigawa m'zigawo 8, zotenga maola 5 ndi theka zonse pamodzi. Iri m'Cizungu. Mwini wake analola kuti anthu aziikopera ndi kugawana kwaulere, cotero ipezeka pa Internet Archive ndi pa YouTube.

Ndinene poyambirira kuti ndi filimu yabwino, koma ubwino wake suli pamene okonda zakale aganizira. Scott akonda masiku amenewo ndi mtima wake wonse. Kucokera mu 1998 wakhala ali kusonkhanitsa zolembalemba za nthawiyo kuti zisatayike. Koma pofunsa anthu mafunso anawalola kukamba mpaka pomalizira, ndipo munthu ukamulola kukamba mpaka pomalizira aulula ndi zimene sanafune kuulula.

Thabwa la zidziwitso la pa lamya

Kuti timvane, tiyambe ndi BBS imene. M'Januwale 1978 cipale cofewa cinagwa cambiri mumzinda wa Chicago kotero kuti misewu inatsekeka. Ward Christensen, amene anali kugwira nchito ku IBM, analephera kupita kunchito. Iye ndi mnzake Randy Suess anagwiritsa nchito mpata umenewo kuyamba kupanga cinthu cimene anali kuciganizira: thabwa la zidziwitso, longa lija la pasukulu kapena m'holo pamene anthu akhomerapo timapepala, koma la pa kompyuta. Pa 16 Febuluwale 1978 linayamba kugwira nchito. Kompyuta inali kunyumba kwa Suess, yolumikizidwa ku lamya kudzera m'kabokosi kochedwa modemu. Munthu wina wokhala ndi kompyuta ndi modemu anali kuimba nambala ya lamyayo, makina awiriwo anali kulizirana ngati nkhululu usiku, kenaka zilembo zinali kuyamba kutuluka. Anali kuwerenga zimene ena asiya, kulembapo zake, ndi kudula. Mzere unali umodzi, cotero wolowa anali mmodzi pa nthawi. Ena onse anali kupeza lamya iri pa nchito, ndipo anali kuyesa kawiri, katatu, kakhumi.

Wina angati imeneyi sinali intaneti, ndipo anena zoona. Intaneti yeniyeni m'zaka zimenezo inali m'manja mwa mayunivesite ndi mabungwe a boma la America ocita kafukufuku. Koma nayonso inali ya zilembo zokhazokha, ndipo kwa munthu wamba wa m'zaka za m'ma 1980 khomo lolowera kumene makompyuta alankhulana linali BBS. Amene alira masiku a zilembo nthawi zambiri alira zonse ziwiri pamodzi.

Tsono nali funso limene okonda zakale salifunsa kawirikawiri: n'cifukwa ciani munali zilembo cabe? Kodi anthu anakhala pabwalo ndi kugwirizana kuti zithunzi ziononga maganizo? Iai. Mamodemu ofala a masiku oyambirira anali kutumiza zilembo pafupifupi 30 pa sekondi imodzi, mwakuti munthu wodziwa kuwerenga anali kutha kutsatira mau pamene ali kutuluka. Tengani cithunzi cimodzi ca pa foni yanu, ca mamegabaiti 3. Pa liwiro limenelo cikanatenga maola oposa 27 kuti cifike conse. Ngakhale pa modemu ya 14,400, imene inali yonyaditsa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, mukanadikira mphindi zoposa 30. Zilembo ndizo zokha zinali kukwana pa kampata kakang'ono ka waya wa lamya. Cigawo coyamba ca filimuyi, cochedwa "Baud", cionetsa zimenezi bwino lomwe, ndipo muona mmene anthu anali kusangalalira nthawi iriyonse pamene modemu yofulumirako yatuluka. Palibe amene anali kukonda kucedwako pamene anali m'kati mwake.

Cimene alira kwenikweni

Cigawo caciwiri, "SysOps and Users", ndico cokoma kupambana kwa munthu wofuna kumvetsa kulira kwa acikulirewa. Mwini BBS anali kuchedwa sysop. Nthawi zambiri anali mnyamata wa pasukulu amene anaika kompyuta pafupi ndi bedi lake, kapena bambo wina amene anali kulipira mzere waciwiri wa lamya ndi ndalama za m'thumba mwake. Iye anali kuona pa galasi lake zonse zimene mlendo ali kulemba, ndipo akafuna anali kulowerera ndi kuyamba kuceza naye pomwepo. Popeza ena anali kudikira, mlendo aliyense anali kupatsidwa nthawi yowerengeka pa tsiku, mwina mphindi 30, mwina ola limodzi. Ndipo popeza m'madera ambiri a ku America kuimba lamya ya m'tauni momwemo sikunali kulipiridwa pa mphindi koma kuimba kutali kunali kodula, anthu a pa BBS imodzi anali a m'dera limodzi. Anali kupangana tsiku ndi kukumana maso ndi maso. Munthu amene munakangana naye usiku mukanatha kukumana naye Loweruka lotsatira.

Apa ine ndigwirizana nawo. Malo aja anali ndi mwini wake wodziwika, amene mukanamudandaulira ndipo akanakuyankhani. Lero mukatsekeredwa pa Facebook mudandaulira yani? Koma cacikulu cimene ndinatolapo n'cakuti pa BBS mauthenga anali kutha. Munali kulowa, kupeza mauthenga atsopano 12, kuwawerenga onse, kuyankhapo awiri, ndipo basi kwatha. Makina anali kukuuzani kuti palibenso zatsopano. Munali kuzima kompyuta ndi kukagona. Yerekezani ndi foni yanu: cala cikwera, cikwera, cikwera, ndipo pansi sipafika, cifukwa amene anaipanga adya pa nthawi imene inu mukhalapo. Sysop sanali kupindula ciriconse ndi kukhalitsa kwanu. Anali kufuna kuti mucoke msanga kuti mnzanu alowe.

Ambiri mwa olankhula m'cigawo cimeneci anali ana osungulumwa, oseketsa kusukulu, amene anapeza kuti pa galasi palibe aona kunenepa kwao, cibwibwi cao kapena msinkhu wao. Mwana wa zaka 14 anali kutsutsana ndi munthu wa zaka 40 ndipo anali kumvedwa malinga ndi zimene walemba. Izi n'zoona ndipo n'zogwira mtima. Komabe poonerera muzidzifunsa: kodi bambo uyu alira zilembo, kapena alira unyamata wake? Kawirikawiri ndinaona kuti alira caciwirico. Nafenso tidzalira TikTok tsiku lina, osati cifukwa inali yabwino, koma cifukwa mano onse anali akali m'kamwa.

Cikomekome ca mkuyu

Zigawo zotsatira ndi zimene zigwetsa nthano ya masiku agolide, kaya Scott anafuna kutero kapena ai.

Yambani ndi "Artscene". Cigawo cimeneci cikamba za magulu a anyamata, monga ACiD ndi iCE, amene anali kujambula zithunzi pogwiritsa nchito zilembo ndi timabokosi ta mitundu 16, kuyala kamodzikamodzi monga mai woluka mphasa. Anali kupikisana koopsa, kulandana anthu aluso, kunyozana. Cigawoci n'cosangalatsa kuona, koma taganizani cimene citiuza. Anthu okhala m'dziko la zilembo anali ndi njala ya zithunzi yaikulu kotero kuti anasandutsa zilembo zomwezo kukhala zithunzi. Mpata utangopezeka wotumiza zithunzi zenizeni anaulumphira, ndipo tisabisane, ma BBS ena amene analemera kwambiri analemera ndi zithunzi zamaliseche. Zimene makolo aopera ana ao lero zinalimo kale, kungoti zinali kutsika pang'onopang'ono.

Za ulemu nazo tisanamizane. Kacizindikiro kaja ka nkhope yomwetulira kolembedwa ndi zilembo, :-), anakayambitsa ndi Scott Fahlman wa ku Carnegie Mellon University pa 19 Sepitembala 1982, cifukwa anthu ophunzira kwambiri anali kulephera kusiyanitsa nthabwala ndi nkhani yeniyeni m'mauthenga a anzao. Mau olembedwa alibe nkhope, alibe kamvekedwe ka liu. Ndi osabvuta kuwamva molakwa.

Cigawo cimene ndikupemphani kuti musacidumphe ndi "Compression". Popeza mzere unali wocedwa, anthu anafuna njira yopanira mafailo kuti acepe asanawatumize, monga mmene mupanira zobvala m'cikwama kuti citsekeke. Mu 1985 kampani ya Thom Henderson, yochedwa SEA, inatulutsa pulogalamu ya ARC yocita zimenezo, ndipo ma BBS ambiri anaitenga. Pambuyo pake Phil Katz, mnyamata wa ku Milwaukee, anatulutsa yake yochedwa PKARC, yogwira nchito yomweyo koma mofulumira kwambiri. Mu 1988 SEA inamutengera kukhoti, kunena kuti anakopera nchito yao. Katswiri amene anayerekeza mapulogalamu awiriwo anapeza kuti ngakhale mau olembedwa molakwika anali ofanana. Mlandu unatha mwa kugwirizana, ndipo mu 1989 Katz anatulutsa njira yake yatsopano, ZIP, yomweyi imene tikali kugwiritsa nchito mpaka lero.

Koma ku ma BBS mlandu unaweruzidwa mwina. Mbiri inawanda yakuti cikampani cacikulu ciri kupondereza mnyamata wopanda omuteteza. Uthenga unali kukopedwa kucoka pa BBS iyi kupita pa iyo, aliyense kuwonjezerapo mcere wake. Eni ma BBS ambiri anataya ARC ndi kusamukira ku ZIP, ndipo Henderson analandira makalata acipongwe ocokera kwa anthu amene sanamuonepo. Zoona zake zinali zakuti SEA inali kakampani kakang'ono ka pa banja. Katz anapambana m'maso mwa khamu, koma mowa unamuononga, ndipo mu 2000 anapezeka atafa m'cipinda ca hotela ali ndi zaka 37 cabe. Cotero m'filimuyi timva kwambiri mbali ya Henderson, ndipo woonerera wanzeru akumbukire kuti winayo sangadziyankhirenso. Ngakhale n'tero, kuona munthu wamkulu ali kusimba nkhani ya zaka zoposa 10 zapitazo bala likali laliwisi ndi cinthu cimene sicicoka msanga m'maganizo. Scott sanathamange, anangoleka kamera iyang'ane.

Onani tsono kuti zonsezi zinacitika popanda cithunzi ngakhale cimodzi, popanda vidiyo, popanda makina osankhira anthu zoti aone. Khamu linamva mbali imodzi, linakwiya, linagenda. Aliyense amene anaonapo dzina la mtsikana wina liri kung'ambidwa m'magulu a WhatsApp a m'komboni mwao azindikira mcitidwe umenewu nthawi yomweyo.

Cigawo ca "HPAC", cokamba za anyamata amene anali kuba mizere ya lamya, kulowa m'makompyuta a eni ndi kukopera masewera ogulitsa, ndico cofooka kwa ine. Muli azibambo ambiri okumbukira ukamberembere wao akumwetulira, ndipo ndiona kuti Scott awalekerera. Funso lakuti analipira ndani silimveka mokwanira. "Make it Pay", ca malonda, cingathe kudumphidwa ndi munthu amene bandulo yake ndi yocepa.

Cigawo cacisanu ca dziko

Tsopano tifike pa cimene cinandisowetsa mtendere. Cigawo ca "FidoNet" cisimba za nzeru ya Tom Jennings wa ku San Francisco, amene mu 1984 anapanga njira yakuti ma BBS aziimbirana okha usiku, pamene mtengo wa lamya watsika, ndi kupatsirana makalata. Kalata inali kucoka pa kompyuta iyi kupita pa yapafupi, kucoka pamenepo kupita pa ina, mpaka kufika kwa mwini wake. Zinali monga mmene kalata inali kuyendera kwathu kale: muipatsa kondakitala wa basi ya ku Chipata, iye aisiya pa sitolo pa Katete, wa njinga aitenga kupita nayo kumudzi. Panalibe kampani, panalibe boma. Aliyense anali kulipira lamya yake. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1990 makompyuta oposa 30,000 anali m'gulu limeneli padziko lonse. Filimuyi sibisa kuti anthu ake anali okangana kwadzaoneni. Bungwe limene anakhazikitsa kuti liziyendetsa zinthu linagwa ndi mikangano patangopita zaka zocepa, ndipo ena mwa olankhula aoneka kuti akali otopa nazo.

FidoNet inagawa dziko lapansi m'zigawo 6, ndipo Africa inali cigawo cacisanu. Kodi mudziwa kuti makalata oyambirira a pa kompyuta m'Zambia anayenda m'njira yomweyi? Mu 1991 a ku Computer Centre ya University of Zambia anayamba kutumiza ndi kulandira makalata pogwiritsa nchito mapulogalamu a FidoNet, kudzera ku Rhodes University ku Grahamstown, mzinda wa ku South Africa umene tsopano uchedwa Makhanda. Njira imeneyi inayenerana ndi mizere yathu ya lamya imene inali kudukaduka, cifukwa munthu anali kulemba kalata yake makina asanaimbe, ndipo poimba zonse zinali kupita mtolo umodzi m'mphindi zocepa. Kucokera m'nchito imeneyo munabadwa ZAMNET, ndipo m'Novembala 1994 Zambia inakhala dziko lacisanu mu Africa kulumikizidwa ku intaneti yeniyeni, loyamba kum'mwera kwa cipululu ca Sahara tikacotsapo South Africa. Patangopita caka ndi miyezi yowerengeka mphamvu yake inaoneka. Boma litaletsa nyuzipepala ya The Post nambala 401 ya pa 5 Febuluwale 1996, inacotsedwanso pa ZAMNET, koma mau ake anali atakopedwa kale ndipo anapitiriza kuwerengedwa pa makompyuta a kunja kwa dziko. Zilembo n'zopepuka, zithawa msanga.

Nkhani yotere simuipeza ndi kulemera kwake m'filimu ya Scott. Pafupifupi onse olankhulamo ndi a ku America ndi Canada, ambiri ndi amuna, akazi alimo koma owerengeka. Sindimuimba mlandu waukulu, pakuti munthu mmodzi woyenda ndi ndalama zake sangafike paliponse. Koma cotsatira cake n'cakuti FidoNet ioneka ngati coseweretsa ca anthu okhuta amene anali kukangana za malamulo a gulu lao, pamene kuno inali njira imene mphunzitsi wa payunivesite kapena dokotala anali kufunsira nzeru kwa anzake a kunja popanda kudikira kalata ya pa positi milungu ingapo.

Ndipo mpata umenewu ubisa funso lalikulu: ndani anali m'kati, ndipo ndani anali panja? Kuti mulowe m'dziko la zilembo munafunika magetsi, kompyuta, modemu ndi lamya ya m'nyumba. M'zaka za m'ma 1990, pa anthu 100 alionse m'Zambia lamya sinali kukwana ngakhale imodzi. Munafunikanso kudziwa kulemba, ndiponso kulemba Cizungu. Zilembo zimene makina aja anali kudziwa, zochedwa ASCII, zinali zizindikiro 128 zokonzedwera Cizungu ca ku America. Cilembo cathu ca ŵ, cija cobvala kacisoti, munalibemo. Ngati makambirano a masiku amenewo amveka aukhondo, cifukwa cimodzi n'cakuti pakhomo panali mlonda woopsa, ndiye ndalama ndi sukulu. Bwalo la anthu 50 ophunzira mofanana likhala labata kuposa msika wa Soweto, koma sitinganene kuti n'cifukwa cakuti anthu ake ndi abwino mtima kuposa a mumsika.

Palinso cina coseketsa. Kudandaula kwakuti intaneti yaonongeka sikunayambe ndi Facebook. Kunali kumveka kale ca m'ma 1993, pamene makampani anayamba kulowetsa anthu wamba ambirimbiri ndipo eni malo akale anati alendowa sadziwa mwambo. Caka comweco kunatuluka Mosaic, pulogalamu imene inachukitsa kuona zithunzi pamodzi ndi mau pa tsamba limodzi. Mu Epulo 1994 maloya awiri a ku Arizona, Laurence Canter ndi Martha Siegel, anamwaza uthenga wotsatsa malonda ao m'magulu zikwizikwi a makambirano, ndipo anthu anati dziko latha. Werengani zaka bwino. Ife tinalumikizidwa m'Novembala 1994. Ndiye kuti pamene tinali kugogoda pakhomo, eni nyumba anali atayamba kale kudandaula za alendo. Munthu wa ku America akamati kale kunali bwino anthu asanaculuke, mudzifunse kuti anthu oculukawo ndani.

Zilembo za munthu wopanda bandulo

Inu acinyamata a kuno muli ndi umboni umene olankhula m'filimuyi alibe. Mu 2014 Zambia inali dziko loyamba kumene Facebook inatsegulira pulogalamu ya Internet.org, mogwirizana ndi Airtel, yopatsa anthu masamba owerengeka kwaulere. Ambiri a inu munagwiritsaponso nchito Facebook ija yaulere imene zithunzi sizitseguka. Mnzanu waika cithunzi ca ukwati, anthu 80 alembapo kuti mwaoneka bwino, inu mungoona kabokosi kopanda kanthu ndi kulemba kuti, "Ndiuzeniko, wabvala ciani?" Imeneyo ndiyo intaneti ya zilembo zokhazokha. Kodi analipo pakati panu amene anaicha masiku agolide? Munali kuicha kusowa ndalama. Zilembo zokha zikoma kwa munthu amene ali ndi mphamvu yotsegula cithunzi akafuna.

Ganiziraninso za ambuya anu ku Chadiza amene sanapite patali ndi sukulu. Pa BBS sakanalowa, pa makalata a pa UNZA sakanalowa, ngakhale pa SMS ya zilembo 160 anali kudalira mdzukulu kuti awawerengere. Koma kucokera mu 2013, pamene WhatsApp inaika njira yotumizira mau olankhula mwa kungosindikiza kabatani, iwo atha kukuuzani okha m'Cicewa cao, ndi mikuluwiko yonse, kuti mbuzi yaswa ndipo denga lidontha. Atha kuona nkhope ya mdzukulutubvi amene wabadwira ku Johannesburg. Munthu amene anena kuti mau ndi zithunzi zinaononga intaneti akaime pamaso pa ambuyawo ndi kubwereza.

Sindikuti acikulire aja alibe mfundo. Mfundo ali nayo, kungoti aiika pa malo olakwika. Cimene cinali cabwino m'makalata a FidoNet n'cakuti munali kulemba musanalumikize. Kalata inali kukhala m'kompyuta kudikira ola loimba, ndipo pakati pamenepo mkwiyo unali kutha kuzizira, munthu n'kuifafaniza. Yankho linali kubwera mawa kapena mkuca, cotero funso munali kulikonza bwino kuti lisabwerere ndi funso linzake. Nkhani ya Henderson yationetsa kuti si onse anali kugwiritsa nchito mpata umenewo, koma mpata unalipo, ndipo makina eni ake ndiwo anali kuupereka. Foni ya lero siupereka. Wofuna kuti uthenga wake ugone usiku umodzi usanapite ayenera kuugoneka yekha.

Za kapangidwe ka filimuyi ndingonena mwacidule. Mbali yaikulu ndi anthu okhala pansi m'nyumba zao ndi kusimba, pakati pake zithunzi za makina akale. Ena abwereza zimene anzao anena kale, ndipo maina a makompyuta a m'zaka za m'ma 1980 aculuka kotero kuti wosawadziwa atopa. Cizungu cake ndi ca ku America, cofulumira pena ndi pena. Maola 5 ndi theka adya bandulo yambiri, cimene ndi cinthu coseketsa pa filimu yotamanda masiku a zilembo 30 pa sekondi. Ngati pagulu panu pali mmodzi wokhala ndi mpata wa wifi kusukulu kapena kunchito, aikopere kamodzi, pakuti mwini wake analola, ndipo muonere pamodzi. Nthawi ikacepa, tengani "Baud", "SysOps and Users", "FidoNet" ndi "Compression". Pambuyo pake mufunefune munthu wa kwanu kuno amene anatumizapo kalata ya pa kompyuta 1995 isanafike, mumufunse kuti inali kutenga masiku angati, anali kulipira zingati, ndiponso anali kulembera yani. Cigawo cimeneco Scott sanajambule.

Cotsalira ndi "No Carrier", cosimba mmene ma BBS anafera pakati pa zaka za m'ma 1990 intaneti itafika m'nyumba za anthu. Mau awiriwo ndi amene modemu inali kulemba pa galasi mzere ukaduka. Eni ma BBS asimba mmene lamya imene kale sinali kupuma inayambira kukhala cete, oimba 50 kusanduka 10, 10 kusanduka mmodzi, mpaka tsiku limene anazima makina. Alendo ao sanathamangitsidwe ndi munthu. Anapita okha kumene kunali zithunzi. Randy Suess anamwalira mu 2019, Ward Christensen mu 2024, koma m'cigawo coyamba akali moyo, ali kufotokoza mmene anayambira nchito yao m'nyengo ija ya cipale ku Chicago.